Wofuna kuphunzira za chibadwa asathamangire dzina la digiri

Ophunzira a kalasi 12 m'boma la Marávia akamayandikira mayeso awo otsiriza, makolo ku Fingoe, ku Malowera, ku Chiputo ndi ku Chipera amayamba kufunsana za sukulu za ukachenjede. Mwa ana amene anatenga gulu B, lija la bayoloje ndi kemisitiri, mwayamba kupezeka ena onena kuti akufuna jenetiki, sayansi yofufuza mmene chibadwa cha kholo chimapitira kwa mwana, kaya ndi munthu, ng'ombe kapena chimanga. Maganizo anga ndi akuti mwana wotereyu asataye nthawi kusakasaka yunivesite imene idzalembe mawu akuti jenetiki pa setifiketi yake. Asake malo amene akaphunzireko bwino kemisitiri ndi masamu, akagwire zida za mu labotale ndi manja ake, ndiponso akapeze mphunzitsi amene ali ndi kafukufuku woti mwana angathandizepo. Malo otere alipo m'dziko muno, ena m'chigawo chathu chomwe cha Tete.

M'mayunivesite athu jenetiki imaphunzitsidwa mkati mwa maphunziro ena: a bayoloje, a ulimi, a ziweto ndi a udokotala. Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo, yomwe inayamba mu 1962, ili ndi onsewa, kuphatikizapo Centro de Biotecnologia kumene amagwira ntchito ndi DNA. Universidade Zambeze, yokhazikitsidwa mu 2007, ili ndi nthambi ya zaumoyo mumzinda wa Tete ndi nthambi ya zaulimi ku Ulónguè m'boma la Angónia. Universidade Púnguè nayo imaphunzitsa bayoloje, ngakhale kuti mizu yake ndi yosula aphunzitsi. Choncho funso loyamba kwa mwana si lakuti sukulu yotchuka ndi iti, koma lakuti akufuna kudziwa chibadwa cha chiyani: cha mbewu, cha ziweto, cha tizilombo toyambitsa matenda, kapena cha munthu. Akayankha limeneli, sukulu zambiri zimachoka zokha pa mndandanda wake.

Kwa mwana wa ku Marávia, ine ndimaona kuti khomo la zaulimi ndi limene anthu amalipeputsa mosayenera. Mlimi aliyense kuno amadziwa kuti chimanga cha haibulidi ukachibzalanso chaka chachiwiri sichibereka ngati poyamba, mapesi ena amatalika, ena amafupika, zitsononkho zimasiyana. Zimenezi ndi zomwe Gregor Mendel anafotokoza mu 1866 atatha zaka akukwatitsa nsawawa m'munda wa amonke ku Brno ndi kuwerenga zomera masauzande: chibadwa chimene chinabisala mu mbadwo woyamba chimatulukanso mu wachiwiri. Amayi amadziwanso chifukwa chake sasiya chimanga chamakolo: njere zake ndi zolimba, zimakonoleka bwino mu mtondo, ndipo anankafumbwe savutitsa msanga m'nkhokwe. Ku Malawi, alimi ambiri ankazengereza kubzala haibulidi wa njere zofewa mpaka akatswiri a ku Chitedze atatulutsa MH17 ndi MH18 mu 1990, mitundu imene inaphatikiza kubereka kwambiri ndi kulimba kwa njere. Ntchito imeneyo inafuna munthu wodziwa malamulo a chibadwa amene anamvetsanso zimene wosinja akufuna. Kuno kwathu, Maria Andrade, mayi wa ku Cabo Verde amene wakhala akugwira ntchito ku Mozambique kuyambira 1996, pamodzi ndi anzake a ku IIAM, bungwe la boma lofufuza zaulimi, anatulutsa mitundu 15 ya mbatata yofiira mkati mu 2011, yopirira chilala ndi yodzala vitamini A, ndipo mu 2016 analandira nawo World Food Prize. Ku Angónia kuli malo a boma ofufuza za ziweto amene amasunga mtundu wa ng'ombe za Angoni, zija za linunda zimene zinazolowera msipu ndi nyengo ya kuno. Mwana amene akuphunzira ku Ulónguè ali pafupi ndi minda ndi makola kumene mafunso otere amabadwira, ndipo alimi ake amalankhula chinenero chake chomwe.

Ena adzanena kuti ngati mwana ali ndi nzeru, bwanji osamutumiza kumene jenetiki imaphunzitsidwa ngati phunziro lapalokha, monga ku Stellenbosch kapena ku Pretoria m'dziko la South Africa. Sindikutsutsa kuti sukulu zimenezo ndi zamphamvu, ndipo amene wapeza thandizo la ndalama lokwanira zaka zonse, kaya kudzera ku Instituto de Bolsas de Estudo kapena kwina, apite ndithu. Koma banja lodalira chimanga, fodya kapena nsomba za ku Cahora Bassa likagulitsa ng'ombe kuti lilipire chaka choyamba chokha, chaka chachiwiri chimafika khola lili mbee, ndipo digiri yosiyira panjira sithandiza aliyense. Palinso chinenero: mwana amene waphunzira zonse m'Chipwitikizi akakumana ndi kemisitiri ya ku yunivesite m'Chingerezi, amalimbana ndi zinthu ziwiri nthawi imodzi. Chachikulu kwa ine ndi chakuti m'sayansi imeneyi digiri yoyamba ndi maziko chabe, ukatswiri umabwera pa digiri yachiwiri ndi yachitatu. Sikhulile Moyo, amene labotale yake ku Gaborone inali m'gulu la oyamba kuzindikira mtundu wa Omicron wa kachilombo ka korona mu Novembala 2021, anayambira ku University of Zimbabwe kwawo, kenako ku University of Botswana, ndipo ku Stellenbosch anapitako pa digiri ya udokotala wa kafukufuku. Thandizo la ndalama lochokera kunja limapezekanso kwambiri pa masitepe apamwambawa kuposa pa loyamba.

Chitsutso chimene ndimachilemekeza kwambiri ndi cha zida. Jenetiki ya masiku ano imawerenga DNA ndi makina, ndipo mwana angathe kumaliza zaka zinayi za licenciatura akungokopera za pa bolodi, osagwirapo paipi yoyezera madzi ngakhale kamodzi. Vuto limeneli ndi lenileni, ndipo njira yolizembera ndi kufunsa musanalembetse. Pezani wophunzira wa chaka chachitatu pa sukuluyo, mumufunse kuti walowa kangati mu labotale chaka chino, ndiponso ngati ankagwira yekha kapena ankangoonerera mphunzitsi. Funsani kumene omaliza amapita kukachita estágio, ndi mitu imene analembapo pa kafukufuku wawo wotsiriza. Funsani ngati pali maphunziro a sitatisitiki ndi a kompyuta, pakuti mbali yaikulu ya ntchitoyi tsopano ndi kusanthula manambala, ndipo amene amathawa masamu poganiza kuti bayoloje ndi kuloweza mayina adzavutika kulikonse kumene angapite. Sukulu ikalephera pa mafunso amenewa, ngakhale ili pafupi ndi kwanu, isiyeni. Kwa wofuna za matenda a anthu, mayankho ake mwina adzamukokera ku Maputo, chifukwa Instituto Nacional de Saúde ku Marracuene ndi malo ofufuza zaumoyo a ku Manhiça, amene akhala akulimbana ndi malungo kuyambira 1996, ali kumeneko. Mtunda ndi wautali ndipo moyo ndi wodula, koma pa nthambi imeneyi chifukwa chopitira chilipo.

Makolo ena amafunsa mosabisa kuti ntchito yake ili kuti, poti Tete ndi dziko la malasha ndi magetsi, ndipo masukulu a ISPT mumzinda wa Tete ndi ISPS ku Songo amaphunzitsa zimene makampani a ku Moatize ndi a ku damu amafuna. Funso limeneli ndi loyenera, ndipo likundilimbikitsanso pa mfundo yanga. Ntchito zolembedwa kuti jenetiki ndi zochepa m'dziko muno. Koma amene wadutsira ku zaulimi angathe kukhala mlangizi, kugwira ntchito ku kampani ya mbewu kapena ku IIAM; wodutsira ku zaumoyo ali ndi chipatala ndi labotale; wa bayoloje angaphunzitse. Aliyense wa iwo ali ndi pogwira pamene akudikira mwayi wa digiri yachiwiri, monga ija ya zosamalira zachilengedwe imene imaphunzitsidwa m'nkhalango ya Gorongosa mogwirizana ndi mayunivesite athu, UniZambeze ili momwemo.

Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti chisankho chachikulu chimachitika mwana asanafike n'komwe pa mayeso olowera, pamene akusankha gulu ku sekondale, nthawi zambiri popanda womulangiza. Aphunzitsi a bayoloje m'boma muno angathandize kwambiri pouza ana msanga kuti kemisitiri ndi masamu ndizo zidzawatsegulire kapena kuwatsekera khomo, ndiponso kuti Chingerezi achiyambe mwakhama akadali kuno, chifukwa zolemba zambiri za sayansiyi zili m'chinenero chimenecho, ngakhale kwa wophunzira ku Ulónguè kapena ku Maputo.