Mchenga ukuotcha, madzi akuzizira: kodi kutentha kumapita kuti?

Aliyense amene anakhalako pagombe la Metangula masana a mwezi wa Okutobala akudziwa mmene ana amathamangira pamchenga, kulumphalumpha ngati aponda moto, mpaka atafika m'madzi. Dzuwa ndi lomwelo, koma mchenga ukuotcha pamene madzi akuzizira. Pakati pa usiku zinthu zimatembenuka: mchenga umazizira ndipo madzi amakhala ofunda. Nkhaniyi ana a sukulu amaipeza pa mayeso a sayansi, koma kwa msodzi ndi nkhani ya moyo.

Poyamba pali zinthu ziwiri zimene anthu amasokoneza. China ndi mulingo wa kutentha, umene amayeza m'madigiri ndi kachipangizo konga kamene anamwino amaika kukhwapa kwa wodwala. Muyesowu unatenga dzina la Anders Celsius wa ku Sweden, amene anaukonza mu 1742. Thupi la munthu wabwinobwino limakhala pa madigiri 37. China ndi kuchuluka kwa mphamvu ya kutentha imene chinthu chasunga. Kapu ya tiyi ili ndi madigiri ambiri kuposa nyanja, koma nyanja yasunga kutentha kochuluka zedi chifukwa madzi ake ndi osawerengeka.

Lamulo lake ndi limodzi: kutentha kumachoka pa chinthu chotentha kupita pa chinthu chozizira. Njira zake zilipo zitatu.

Yoyamba ndi kukhudzana. Supuni yachitsulo ikasiyidwa mumphika wa ndiwo imaotcha dzanja, pamene mthiko wamtengo umavundula nsima yotentha osapweteka mayi. Chitsulo chimadutsitsa kutentha msanga, mtengo ayi.

Yachiwiri ndi cheza. Dzuwa limaumitsa usipa pathandala osaukhudza, ndipo munthu wootha moto amafunda kumaso pamene msana ukuzizidwa.

Yachitatu ndi kuyenda kwa madzi kapena mpweya. Zotentha zimapepuka n'kukwera, zozizira zimatsika kudzalowa m'malo mwake. Apa ndi pamene pali chinsinsi cha mphepo za kunyanja. Kuti madzi akwere ndi digiri imodzi amafuna kutentha kochuluka pafupifupi kasanu kuposa mchenga wolemera chimodzimodzi. Choncho masana mtunda umatentha msanga, mpweya wake umakwera, ndipo kamphepo kozizira kamachokera kunyanja. Usiku mtunda umazizira msanga, ndiye mphepo imatsika m'mapiri kulowera kunyanja. Asodzi a ku Cóbuè, Messumba ndi Meluluca anazidziwa kale izi asanazione m'buku. Kuchedwa kuzizira kwa madziku, pamodzi ndi kutsika kwa malo, n'kumene kumachititsa kuti usiku wa Juni ukhale wofunda ku Metangula pamene ku Lichinga, pamwamba pa mapiri, anthu akunjenjemera.

Tsono ngozi ili apa. Nyengo ya mwera, kuyambira Meyi mpaka cha mu Ogasiti, mafunde amakula ndipo mabwato amagubuduka. Madzi a pamwamba pa nyanja nthawi imeneyi amakhala cha m'madigiri 23 kapena 24. Munthu akaviikamo phazi amati ndi ofunda. Koma thupi lili pa 37, ndiye malinga ndi lamulo lija kutentha kumatuluka m'thupi kupita m'madzi, ndipo madzi amakoka kutentha mofulumira pafupifupi ka 25 kuposa mpweya. Msodzi amene wagwira bwato logubuduka usiku wonse amazizidwa pang'onopang'ono, manja amafooka, nzeru zimasokonezeka. Ndi chifukwa chake ndi bwino kukwera pamsana pa bwatolo kuti thupi lalikulu likhale kunja kwa madzi, kusiyana ndi kuyesa kusambira mtunda wautali.

Akapulumutsidwa, ngozi siinathe. Mtsuko wadothi umaziziritsa madzi chifukwa chinyezi chotuluka kunja kwake chikamauma chimatenga kutentha n'kupita nako. Malaya onyowa pa mphepo ya mwera amachita chimodzimodzi ndi thupi la munthu. Choyenera ndi kumuvula zonyowazo, kumupukuta, kumufunditsa bulangete kapena zitenje zouma mpaka kumutu, ndi kumugoneka pamphasa pamalo opanda mphepo, osati pansi pozizira. Bulangete silipanga kutentha. Ntchito yake ndi kutsekera mpweya kuti kutentha kwa thupi kusathawe. Ngati ali maso ndipo akutha kumeza, amwe tiyi wofunda wa shuga kapena phala.

Kachasu ayi. Ambiri amati amafunditsa, koma amangotsegula mitsempha ya pakhungu, munthu n'kumamva kufunda pamene kutentha kwa m'kati kukutayika. Ngati wopulumutsidwayo akuyankhula zosamveka, akusinza, kapena wasiya kunjenjemera thupi likadali lozizira, atengeredwe kuchipatala msanga.

Makolo, mwana akabwera ndi phunziro limeneli kuchokera kusukulu, musamuuze kuti ndi za m'buku chabe. Akhale pansi ndi bambo ake kapena amalume ake a chilimira, wina afotokoze za madigiri, wina za mwera. Paja akulu anati mutu umodzi susenza denga.