Kompyuta Iwerengera, Koma Siipita ku Msika

Masiku ano munthu wofuna ngongole yoyambira malonda afunsidwa pepala loonetsa m'mene ndalama zidzalowera ndi kutulukira. Ambiri athamangira kwa mnyamata wa kompyuta pa Boma, nalipira, nabwerako ndi mapepala okongola amene iwo eni sadziwa za m'kati mwake. Nkhani yathu sabata ino, awerengi, ndi ya zipangizo zimene mnyamatayo agwiritsa nchito.

Cakale mwa izo ndi tebulo lowerengera. M'caka ca 1979 ku America, Dan Bricklin ndi Bob Frankston anatulutsa VisiCalc, yogwira pa makina a Apple II. Ubwino wake unali wakuti munthu akasintha nambala imodzi, zonse zodalira iyo zinali kusintha zokha. Excel, imene ipezeka m'maofesi ambiri, inadza mu 1985 potsata njira yomweyo.

Cina ndi Business Model Canvas, pepala limodzi logawidwa m'zipinda 9, cipinda ciliconse ndi funso lake. Mwini nzeruyi ndi Alexander Osterwalder wa ku Switzerland, amene anailongosola m'buku limene analemba ndi mphunzitsi wake Yves Pigneur mu 2010. Kampani ya Osterwalder ya Strategyzer inaika pepalali pa intaneti kuti anthu otalikirana azitha kulidzaza pamodzi.

Titenge gulu la alimi lofuna kugula cigayo. Cipinda cina cifunsa kuti ogayitsa ndani, ndipo alipo angati pa mtunda woti mai angayende atasenza thumba. Cina cifunsa cimene cidzawacotsa ku cigayo cao ca masiku onse: kodi ndi ufa wosalala, kapena kufupika kwa ulendo? Cinanso cifuna kudziwa wobweretsa dizilo ndi wokonza injini ikafa. Mayankho akapezeka, nambala zake zilowa m'tebulo lija. Kwezani mtengo wa dizilo, muone ngati phindu litsala. Cepetsani ogayitsa m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe zambiri zili gwaa. Apa ndipo pagona ubwino wa zipangizozi, pakuti kugwa kwa malonda kuonekeratu pa galasi ndalama zikali m'thumba.

Koma makinawa akhulupirira ciliconse cimene auzidwa. Mukalemba kuti mudzagaya matini 200 pa tsiku, pamene midzi yonse yozungulira siifikitsa 40, kompyuta siidzakutsutsani. Idzaonkhetsa bwino lomwe, nikupatsani phindu la bodza m'zilembo zoongoka, zimene ngakhale wapampando aopa kuzikana pa msonkhano. Tsiku lobweza ngongole, mnyamata uja sadzakhalapo. Ng'ombe zogulitsidwa zidzacokera m'makola a mamembala.

Osterwalder yemwe aphunzitsa kuti colembedwa m'cipinda ciliconse ndi ganizo cabe kufikira litayesedwa kwa ogula eni ake. Mbali imeneyi ndiyo idumphidwa kawirikawiri, cifukwa ifuna miyendo, ndipo palibe pulogalamu imene iyenda m'malo mwa munthu.

Pepala la zipinda 9 lija silifuna magetsi ai. Mlembi wa gulu angathe kulijambula ndi coko pa bolodi la sukulu, mamembala nayankha funso lililonse poyera, makamaka azimai, popeza ndiwo adziwa za kugayitsa. Kenaka gulu litume anthu awiri akakhale pafupi ndi cigayo ca m'dera loyandikana kwa sabata yathunthu, akuwerenga matini olowa tsiku ndi tsiku. Nambala zimenezo ndizo zoyenera kupita nazo kwa mnyamata wa pa Boma, ndipo polemba iye, msungicuma akhale pambali pake.