Impso ya nkhumba sicokera ku Chibolya

Nkhani yakuti asing'anga a ku America akuika impso za nkhumba mwa anthu yafika m'makomboni mwathu. Ku Kanyama ndi ku George ena akuti ni usatana, ena akuseka kuti mtengo wa nkhumba ukwera. Ife tikuti onsewa aphonya.

Nkhumba zimenezi si zija zogulitsidwa pa msika wa Chibolya. Zimabadwira m'nyumba zotseka, zosalowa matenda, ndipo akatswiri anasintha cibadwa cake kuti thupi la munthu lisaikane impsoyo msanga. Asanayese pa anthu anayamba ndi apusi. Mu 2023 kunalengezedwa kuti pusi wina anakhala masiku 758 ndi impso ya nkhumba yosinthidwa m'malo 69. Mu March 2024, ku Boston, anaika impso yotere mwa bambo wa zaka 62, amene anamwalira patapita miyezi iwiri. Mai wina ku New York anakhala nayo masiku 130, mpaka anaicotsa mu April 2025 nabwerera pa makina osefa magazi. Ni ncito yaikulu ndithu, koma ikali pa mayeso. Alimi athu, amene akumbukira m'mene cigodola cinaphetsera nkhumba mu Lusaka mu 2013, akudziwa okha cifukwa cake nkhumba ya m'khola la kuseri kwa nyumba singalowe m'nkhani iyi.

Nanga cikhulupiriro cathu citi bwanji? Mu August 2000, Papa John Paul II polankhula kwa madokotala ku Rome sanaletse kuika ciwalo ca nyama mwa munthu. Anati cofunika n'cakuti ciwaloco cisasinthe umunthu wa wolandira, pakhale umboni wakuti cingagwire ncito, ndiponso wodwala asaikidwe pa ngozi yopitirira. Tsono amene akuopseza anzawo m'parishi kuti ni chimo, ayambe awerenga. Ife cimene tifunsa n'cakuti apusi ndi nkhumbazo asamazizunze mwacisawawa, pakuti nazonso n'zolengedwa za Mulungu. Abale athu Asilamu ndi a Seventh-day, amene sadya nkhumba, ali ndi atsogoleri awo, tisawayankhire.

Koma nkhawa yathu ili kwina. Tikuopa kuti anthu azingotchera khutu ku Boston, pamene impso zawo zikutha mwakacetecete ku Matero. Zimene zimaononga impso kwambiri ndi BP ndi shuga, ndipo munthu amayenda bwinobwino zaka zambiri osamva kupweteka. Mapazi ndi nkhope zikayamba kutupa, nthawi zambiri matenda afika kale patali. Pamenepo patsala makina osefa magazi, kawiri kapena katatu pa mlungu, maola anai nthawi iliyonse. Werengani nokha ndalama ya minibasi kucokera ku Chawama kupita ku UTH, ndi masiku amene wodwala ndi womuperekeza sakugulitsa pa msika.

Mu 2018 madokotala a pa UTH anaika impso ya munthu mwa munthu mnzake koyamba m'dziko muno. Munthu wathanzi atha kukhala ndi impso imodzi, koma m'mabanja mwathu nkhani yopatsa m'bale impso timaiopa ngati ya maliro.

Tikupempha makomiti a zaumoyo m'maparishi, ndi magulu a alimi, aitane anamwino a pa kiliniki ya Mtendere kapena Kalingalinga Sande imodzi pa mwezi. Misa ikatha, akhale pansi pa mtengo ndi makina opimira BP ndi shuga, ndipo azibambo asathawe.