Ndodo ya baseball si yunifolomu



Ambiri mwamva kuti mnyamata wina amene anaphunzira pano, yemwe tsopano ali ku Japan, watitumizira mipira ndi magolovesi a baseball, pamodzi ndi kandalama kogulira ndodo zomenyera mpirawo. Ana a Fomu 1 ayamba kale kuitcha ndodoyi chibonga. Pamsonkhano wa komiti panatuluka ganizo loti tigule ndodo imodzi yaikulu ndi yolemera, poti anawa adzakulira momwemo. Ndikupempha, mwaulemu, kuti ganizoli tilisiye.

Ndikudziwa kumene lachokera. Umu ndi momwe timagulira yunifolomu ndi nsapato, ndipo nanenso ndinavalapo malaya ofika m'mawondo zaka ziwiri. Koma malaya umapinda manja n'kuvala. Ndodo yolemera ilibe popinda. Mpira ukaponyedwa umafika sekondi imodzi isanathe, ndiye mwana amene ndodo yamulemera amachedwa kuitembenuza, amagwetsa phewa, amamva kuwawa padzanja, ndipo thupi limazolowera kamenyedwe kolakwika komwe kadzavute kukonza. Akaphonya sabata zitatu anzake akumuseka, amangoti masewerawa si anga. Pamenepo ndalama ya mnzathu uja yapita pachabe, chikhalirecho inali amana m'manja mwathu.

Ku America, komwe masewerawa anakulira, lamulo la ligi yaikulu ya Major League Baseball limalola ndodo kutalika mpaka mainchesi 42, koma akatswiri ambiri, amuna amphamvu odya bwino, amagwiritsa ntchito ya mainchesi 33 kapena 34, yolemera pafupifupi magalamu 900. Ngati iwo safuna yaitali kwambiri, mwana wathu wa zaka 13 aifunirenji? Wamsinkhu umenewu amayenera ya pakati pa mainchesi 30 ndi 32, malinga ndi thupi lake.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Mwana aimirire, ndodo aiimike pambali pa mwendo wake. Ifike pachikhatho chake dzanja litagwa pansi. Kenako aigwire ndi dzanja limodzi, alitambasule cham'mbali, ena awerenge pang'onopang'ono mpaka 30. Dzanja likayamba kunjenjemera kapena kugwa asanamalize, ndodoyo si yake, ngakhale alire chotani kuti akuifuna. Ndipo adzalira ndithu, chifukwa mnyamata aliyense amafuna yaikulu kuti anzake amuone.

Za mtengo wake ndi zomwe zandisangalatsa kwambiri. Kwa zaka zambiri ndodo zinkasemedwa kuchokera ku mtengo wa ash, kuphatikizapo zotchuka za Louisville Slugger za ku Kentucky. Ash ndi wofewerapo, umalolera, ndipo ukatopa umayamba kusendeka m'malo mothyoka mwadzidzidzi. Maple anatchuka Barry Bonds atamenya ma home run 73 mu 2001 ndi ndodo ya mtengowu. Ndi wolimba, koma ukathyoka zidutswa zimauluka, moti mu 2008 ndodo zothyoka zinachuluka mpaka ligi ija inakhazikitsa malamulo atsopano. Kuchokera pamenepo ndodo za maple ndi birch zimadonthezedwa inki pafupi ndi pogwirira; inkiyo imatsata mizere ya mtengo, n'kuonetsa ngati ili yowongoka kapena yopendekera. Kwa ongoyamba kumene ine ndingasankhe ash kapena birch, ndipo ogula ayang'ane mizere yowongoka kuchokera kumutu mpaka kogwirira, popanda mfundo.

Bambo wina anati kalipentala wa pamsika atha kutisemera. Sindikutsutsa, ngati ndi zoyeserera kutembenuza manja. Koma thabwa lamfundo lisakumane ndi mpira wolimba ana ena ataima pafupi.

Ana inu, kumbukirani chinthu chimodzi: chizindikiro cha kampani chomwe chili pandodo chiziyang'ana kumwamba pomenya. Anachiika dala pamalo pamenepo kuti mpira uzigunda mbali yopirira ya mtengo. Ndodo yamtengo isagone padzuwa kapena pamvula, ndipo si yomenyera miyala kapena kugwetsera mango.

Alipo amene anandinong'oneza kuti zonsezi n'zachibwana, ana azingowerenga. Mtumiki Muhammad (SAW) anapikisanapo liwiro ndi mayi athu Aisha (RA), choncho masewera paokha si choipa, bola asalande nthawi ya swala ndi ya maphunziro. Ndi chifukwa chake ndikufuna atsikana nawonso ayesedwe ndodo, asamangoonerera. Ndipo amene akuti baseball si ya Afrika akumbuke kuti mu 2012 ana a ku Uganda anakasewera mpikisano wa Little League World Series ku Williamsport, Pennsylvania, timu yoyamba yochokera ku Afrika kufika kumeneko.

Pempho langa ku komiti n'lakuti tigule ndodo ziwiri zopepuka, ina ya mainchesi 30, ina ya 32, ngakhale zikhale zosatchuka dzina. Ofuna kusewera abwere pabwalo Lachisanu tikatuluka ku Juma. Ndidzabwera ndi tepi ndi timitengo todula kale pa miyeso iwiriyi, kuti tisanatumize ndalama tidziwe yomwe ikukwana ana ambiri, in sha Allah.