Kuphwa kwa nyanja ya Powell kwaika usodzi wa trout pachiswe ku Arizona

M'miyezi ya September ndi October, nyengo yotentha ikamatha ku America, asodzi amakhamukira ku Lees Ferry m'chigawo cha Arizona kukawedza nsomba za trout mumtsinje wa Colorado. Nyambo yawo ndi mbedza yokulungidwa ndi nthenga ndi ulusi kuti izioneka ngati tizilombo tomwe nsombazo zimadya. Trout, yomwe ku Malawi imapezeka m'madzi ozizira a pamapiri a Zomba ndi Nyika, sipirira madzi ofunda.

Usodziwu unabwera ndi damu la Glen Canyon, lomwe lili pamtunda wa makilomita pafupifupi 25 kuchokera ku Lees Ferry ndipo linayamba kusunga madzi mu 1963. Kale mtsinjewu unali wamatope komanso wofunda. Damulo litamangidwa, madzi opukusa makina a magetsi anayamba kuchokera pansi pa nyanja ya Powell, pomwe ndi oyera ndi ozizira chaka chonse.

Chilala cha zaka zoposa 20 chasintha zinthu. Mu February 2023, nyanjayi inatsala ndi madzi pafupifupi 22 peresenti ya mlingo wake. Madzi akatsika chonchi, a pamwamba omwe atenthedwa ndi dzuwa amayandikira mapaipi a makinawo. Popeza nyanja imachedwa kuzizira, madzi otuluka amafunda kwambiri m'miyezi yomweyi ya asodzi. Madzi ofunda amasunga mpweya wochepa, moti nsomba yomwe yalimbana ndi mbedza imatha kufa ngakhale msodzi aibwezere m'madzi.

Vuto lina ndi nsomba zolusa za smallmouth bass, zomwe zimakhala chapamwamba pa nyanjayi ndipo zayamba kudutsa m'makinawo. Mu July 2022, ana a nsombazi anapezeka kumunsi kwa damulo, chizindikiro chakuti zayamba kuswana. Zimadya ana a trout komanso a humpback chub, nsomba ya ku Grand Canyon yomwe imatetezedwa ndi lamulo.

Pofuna kuthana nazo, mu 2024 nthambi ya boma ya Bureau of Reclamation inayamba kutulutsa madzi ozizira kudzera m'mapaipi apansi kuti bass zisaswane. Koma madzi odutsa mmenemo sapukusa makina, choncho magetsi otayikawo amayenera kugulidwa kwina.

Nkhani yagona pa kuchuluka kwa madzi m'nyanjamo. Mtsinje wa Colorado umathandiza anthu pafupifupi 40 miliyoni m'zigawo zisanu ndi ziwiri za America komanso ku Mexico, ndipo malamulo a 2007 oyendetsera madamu ake akutha mphamvu kumapeto kwa 2026. Ngati zigawozi sizichepetsa madzi omwe zimatunga, nyanjayi idzapitiriza kutsika, ndipo eni mabwato ndi malo ogona alendo omwe amadalira asodzi a ku Lees Ferry adzakhala m'gulu la oyamba kumva kuwawa.