Superman Wopanda Zithunzi

Mnyamata akagwira kabuku ka zithunzi ka Superman kapena Batman, makolo ambiri amati akutaya nthawi. Koma akagwira buku lonenepa la mawu okhaokha, pachikuto pali Superman yemweyo, makolo aja amakhala chete poganiza kuti mwana wayamba nzeru. Omuseka amakhala anzake okonda zithunzi, ati wagula ndiwo zopanda mchere. Ndalama ya buku siitoledwa pansi, choncho funso n'lofunika: kodi mabuku otere ngoyenera kuwerenga?

Sanayambe lero ayi. Superman, amene m'Chipwitikizi ankatchedwa Super-Homem, anaoneka koyamba ku America mu 1938 m'kabuku ka Action Comics, ndipo anamupanga ndi Jerry Siegel ndi Joe Shuster. Mu 1942 George Lowther, wolemba masewero ake a pawailesi, anatulutsa kale buku la mawu lonena za iye. Maina a makolo ake a ku Krypton, Jor-El ndi Lara, anayamba kulembedwa motero m'buku limenelo, timabuku ta zithunzi tinachita kutengera pambuyo pake.

Nkhani ya imfa ya Superman ndiyo ionetsa bwino pamene mawu amagwa ndi pamene amaima. Mu 1992 kampani ya DC Comics inamupha pomumenyanitsa ndi chilombo chotchedwa Doomsday. Ojambula anachita mwanzeru. Ndewu ili kukula, zithunzi pa tsamba lililonse zinkachepa: m'kabuku kena zinayi, m'kotsatira zitatu, kenaka ziwiri, mpaka m'komaliza tsamba lonse chithunzi chimodzi. Wowerenga ankamva nkhonya zikukula m'maso mwake popanda womuuza. Roger Stern atalemba nkhani yomweyi m'buku la The Death and Life of Superman mu 1993, luso limeneli silikanatheka. Chibakera cholembedwa m'mawu n'chibakera basi, ndipo chikabwerezedwa masamba angapo tulo timabwera. Apa anyamata oseka aja akunena zoona.

Koma ndewu itatha panali maliro. Dziko lonse linasonkhana kudzaika ngwazi yake mu mzinda wa Metropolis, pamene Jonathan ndi Martha Kent, amene anamutola ali khanda namulera, anatsala kumunda kwawo ku Kansas. Anthu sankadziwa kuti Superman ndiye Clark mwana wawo. Sakanatha kukhala pafupi ndi bokosi, sakanatha kulira pagulu, panalibe ngakhale wowapepesa ngati anamfedwa. Mwambo wonse anauonera pa wailesi ya kanema. Aliyense amene anakhalapo pa siwa adziwa kulemera kwa chinthu chotere: mwana kuikidwa ndi alendo, eni ake ali kutali, pakamwa potseka. Chithunzi chingaonetse nkhalamba ziwiri zitakumbatirana. Za mumtima mwawo, zimene sangauze munthu, zimafuna mawu ndi malo okwanira, ndipo apa m'pamene buku limabweza ndalama ya mwini wake. Lili ndi ubwino winanso, woti nkhani imene inamwazikana m'timabuku tambirimbiri pafupifupi chaka chathunthu imapezeka m'chikuto chimodzi.

Chimodzimodzi Kingdom Come, nkhani ya Mark Waid ndi Alex Ross ya mu 1996. Zithunzi za Ross n'zopenta ndi manja, ndipo palibe mlembi angapikisane nazo. Elliot S. Maggin poilemba m'mawu mu 1998 anatsamira pa Norman McCay, mbusa wokalamba amene chikhulupiriro chake chikugwedezeka poona anthu amphamvu ngati milungu akupondereza anthu wamba. Maganizo a munthu wotere amakwana bwino m'buku kusiyana ndi m'timawu tochepa tolembedwa pambali pa chithunzi.

Alipo ndithu mabuku ena ongolembedwa mothamanga kuti agulidwe pamodzi ndi filimu. Amenewo ndiye chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wogula atsegule pakati, awerenge masamba awiri. Akapeza kuti n'kugendana ndi magalimoto kokhakokha, alibweze pamalo pake, akafune kabuku ka zithunzi komweko. Akapeza anthu akulankhulana, akuopa, akubisirana zinthu, alitenge. Lotere ndi It's Superman! la Tom De Haven, la mu 2005, losimba za Clark ali mnyamata wamanyazi wa kumudzi m'zaka za m'ma 1930, asanadziwe chochita nazo mphamvu zake.