Abale a ku Joni, mapilisi aja lekani kutitumizira

Lero ndili ndi inu abale a ku Joni ndi a m'tauni. Mukamatumiza katundu pa basi mumaikamo sopo, mafuta ophikira, pansi pake mapilisi amphamvu aja opha ululu. Inu mumati mukutithandiza. Ine ndikuti mukutipweteka, ndipo ndikunena zondionekera ndekha.

Chaka chatha, nthawi younda mizere, msana unandigwira. Mwana wanga ananditumizira mapaketi angapo. Ndikamwa awiri m'mawa khasu limapepuka, ndimvekere koma mankhwala ndi awa! Patatha milungu itatu mutu unayamba kundiwawa m'mawa uliwonse. Kuchimbudzi masiku anayi osapita. Tsiku loti sindinamwe, thukuta, kuyasamula, kukalipira mayi akunyumba popanda chifukwa.

Nditapita nayo paketi kuchipatala chathu chaching'ono, adokotala anandiuza kuti m'pilisi limodzi muli zinthu zingapo. Muli paracetamol, yemwe timamutchula panado. Muli codeine, amene akafika m'chiwindi amasanduka morphine, mankhwala omwe amapatsa odwala khansa. Iyeyu sachiza msana ayi, amangophimba ululu kuti ubongo usaumve, amachedwetsa matumbo, ndipo thupi limamuzolowera msanga n'kumafuna wambiri. Mulinso caffeine wa mu khofi ndi tiyi uja. Ameneyu amathandizira kupha ululu, komanso amabisa tulo tobwera ndi codeine. Ndiye umaona ngati wapeza mphamvu, n'kumakalimira msana wovulala. Mutu unkandiwawa uja unali wa mapilisi omwewo.

Anansi nanunso mumve. Munthu wamkulu asapitirire magalamu 4 a paracetamol pa tsiku, ndiye kuti panado 8 wa mamiligalamu 500. Koma kuno wina amwa a ku Joni, aonjezere panado wa pagolosale, madzulo ali pa kachasu. Chiwindi chimodzicho chipirira zingati? Ena mpaka kugawira mayi woyamwitsa ndi mwana wa Sitandade 3, pamene codeine ndi woletsedwa kwa onsewa.

Mwina muti bambowa ndi osayamika. Ndimayamika, ana inu. Koma mapilisi otere ndi a masiku atatu basi, osati dzinja lonse. Ngati mukumvera chisoni misana yathu, tumizani ya ganyu wina atipalirire, ndi ya kabaza tikaonane ndi adokotala. Wanga ndamuuza kale pa foni, mwezi uno watumiza ya ganyu.